Dzina Limene Ndinatsuka ndi Mswachi

Ndikukumbukira kulemera kwawo. Msilikali mmodzi ankatalika ngati chala changa chaching'ono, koma ukamuika pachikhatho ankalemera ndi kuzizira ngati mwala, chifukwa anali wamtovu. Bambo anali nawo khumi ndi awiri m'chitini cha mabisiketi, m'fulati yathu mumzinda wa Edmonton, kutsidya kwa nyanja. Anali asilikali achikuda a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, ovala makabudula akhaki ndi zisoti zofiira, ndipo utoto wonsewo anaupaka okha ndi kaburashi. Ukangowatchula kuti zidole, tsiku limenelo bambo sankakuyankhula.

Bambo ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Loweruka akakhala kuti sakupita kuntchito, tinkakwera basi kupita kukashopu kena komwe kuchipinda chakumbuyo azibambo ankamenyanitsa asilikali awo patebulo, ndi madayisi ndi tepi yoyezera. Akuda tinalipo awiri okha, iwo ndi ine. Kumeneko n'kumene ndinkawaona bambo akuseka mpaka mano onse panja.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kampani yopanga asilikaliwo inasintha maganizo. Inati zamtovu sizikuyenda malonda, n'kuyamba kupanga zapulasitiki: asilikali a m'mlengalenga, akuluakulu, a mfuti zoposa mitu yawo. Malamulo a masewera anasinthanso. Anzawo a bambo ena anatsatira zatsopanozo, ena anangosiya kubwera, ndipo tebulo lija tinalidzaza ndife ana. Bambo anapitabe Loweruka katatu ndi chitini chawo kukhwapa, osapeza womenyana naye. Kenako anachiika pamwamba pa wadiropu.

Ine zatsopanozo zinandilowa m'magazi. Nditapempha kuti andigulire, bambo ananyamula mmodzi m'shopumo n'kumuyesa pachikhatho.

"Msilikali wopepuka chonchi? Ameneyu mphepo ya pa basi sitopu ingamutenge," anatero, n'kumubweza pashelefu.

Mwini shopu anali atanena kuti asilikali akale a kampaniyo akhoza kulowa m'masewera atsopano, bola apakidwe mitundu yatsopano. Mnzanga wina anandiuzanso chinsinsi cha osewera: ukawaviika m'mankhwala abulauni aja otsukira kubafa, onunkha chipatala, utoto wakale umachoka wonse. Ndinaganiza kuti chimene chakwera pawadiropu ndiye kuti mwini wake wathana nacho. Sindinafunse munthu.

Tsiku lina patchuthi, makolo onse ali kuntchito, ndinakwera pampando. Ndinawaviika m'beseni kuyambira m'mawa, masana n'kuyamba kuwakwecha ndi mswachi wakale. Khaki uja ankasendeka ngati khungu la tomato wothiridwa madzi otentha. Pansi pa mapazi a aliyense panali timalemba toyera. Ndinationa, sindinama. Ndinangoti ndi zizindikiro za kufakitale, n'kukwechanso pomwepo. Atatu ndinawadula zisoti ndi chowengera zikhadabo cha amayi, kuti ndidzawamate zipewa zapulasitiki.

Bambo anafika cha m'ma folo koloko. Fungo ndilo linawatsogolera kubafa, jekete lili m'thupi. Asilikali anali ndandanda pathaulo, mbee, onse nkhope imodzi. Anatola mmodzi n'kumutembenuza. Anatola wina. Anawatembenuza onse khumi ndi awiri.

"Tadala, anthuwa wawatani?"

Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira nthawi zonse, kuti palibe amene akusewera nawo, ndipo ngati akuwafunabe tikhoza kuitanitsa ena. Ndinkadikira mbama. Mpaka lero ndimalakalaka akanangondimenya.

Anakhala m'mphepete mwa bafa n'kundifotokozera. Bambo awo, agogo anga amene sindinawaonepo, anakamenya nkhondo ku Burma, ndipo anasiyako anzawo khumi ndi awiri a kwathu ku Ntcheu, opanda manda oti munthu n'kulozapo. Chaka chilichonse agogo ankaima pabwalo n'kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Agogowo atamwalira, mapepala a bambo okhalira m'dziko lachilendolo anali asanatuluke, moti maliro anangowamvera pafoni. Ndiye bambo anagula asilikali aja, n'kulemba dzina limodzi pansi pa aliyense.

"Ndinalemba kuti mutu wanga upumeko," anatero. "Mashifiti amenewa amadya mutu, mwanawe. Ndinkadziwa kuti anthuwa ali m'chitini."

Anang'amba envulopu n'kuyamba kulemba pomwepo. Mayina asanu ndi anayi anabwera msanga. Awiri anabwera patapita masiku, lina ali m'basi. La khumi ndi chiwiri linakana. Anaimba foni kumudzi, koma akulu amene akanalidziwa anali atatha. Anaimbanso kukampani kufunsa atatu odulidwa zisoti aja, ndipo mtsikana wa mawu okoma anawauza kuti zikombole zake anaziphwanya kale, koma pali zatsopano zabwino kwambiri. Amayi, amene sankabisa mawu, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Safunsa anadya phula." Koma phula limenelo amene analidya ndi bambo.

Nyengo yozizira yonseyo anawapakanso utoto, atatu aja mitu ili yodulidwa choncho. Khumi ndi mmodzi analandira mayina awo. Mmodzi anatsala pansi pali mtovu wokhawokha. Ine kukashopu kaja sindinapondekonso, ndipo patapita zaka ziwiri kanatsekedwa.

Sanandikumbutsepo mlanduwo ngakhale kamodzi. Koma nthawi zina tikudya ankangoima, milomo ikugwedera, zala zikupindika chimodzichimodzi patebulo, akuwerenga mayina aja. Akafika kumapeto ankagwira pakhosi n'kunena kuti, "Lili apa." Ngakhale m'masiku awo omaliza, ali gone m'chipatala, ndinaona zala zija zikuwerenga pabulangete, n'kuima pamalo omwe aja.

Lero ndine namwino, ndipo fungo la mankhwala aja limandichingamira pakhomo la wodi m'mawa uliwonse. Anzanga amati analizolowera. Ine ayi. Limandibweza kubafa kuja, mswachi uli m'manja.

Ndikumvetsa tsopano kuti kampani ikanena kuti chinthu chatha, imanena za mashelefu ake basi. Sidziwa chimene munthu analemba pansi pake, ndipo ine mwana wa m'nyumba momwemo sindinadziwenso, chifukwa ndinamvera shopu m'malo mofunsa bambo anga. Chitini chija chili kwanga. Chaka chilichonse ndimawandandalika patebulo n'kuwatchula mokweza, m'Chichewa changa chopindika, monga ankachitira agogo. Ndikafika pa womaliza ndimamutembenuzabe, ngakhale ndikudziwa chimene ndipezepo. Munthu ameneyo anakumbukiridwa zaka zoposa makumi asanu, kuchoka ku Burma, kudzera ku Ntcheu, mpaka ku Edmonton. Anadzafera m'beseni, m'manja mwanga.