Chitenje m'kati mwa eyakoni

Eyakoni ya kunyumba kwathu ku Bangula, makina oziziritsa m'nyumba aja, sinawonongeke yokha. Ndinaiwononga ndine, ngakhale mpaka sabata yatha mlandu unali pa mlamu wanga amene anatigulira ku Tete.

Makinawa ali ndi sefa yogwira fumbi, yomwe imangofuna kutsukidwa ndi madzi basi. Ine nditaiyang'ana, ndinaona kuti mabowo ake akula, sangalimbane ndi fumbi la kuno. Ndinapeza chitenje chakale pansi pa sutikesi ya mkazi wanga, n'kudulako, n'kuchiyala kuseri kwa sefayo. Tsiku limenelo ndinayenda ngati injiniya.

Mphepo inasiya kutuluka, madzi n'kuyamba kudontha. "Katundu wa ku Tete ndi wotero," ndinatero. Ndinanenanso zomwezo kutchalitchi, ngakhale pamaliro.

Kenako apongozi anga aakazi anabwera kuchokera kwa Ndamera. Tinawakhazika pampando waulemu, umene uli pansi pa eyakoni. Dontho linawagwera paduku, lina pamphuno. Mkazi wanga anakwera patebulo, n'kutsegula makinawo, n'kusolola nsalu yonyowa, yakuda ndi fumbi.

Apongozi anaitambasula pabondo. "Iyi ndi mbereko imene ndinaberekera mkazi wanuyu," anatero mofatsa, maso ali pansi. "Ndinam'patsa kuti adzaberekere mwana wanu woyamba."

Ndinakhosomola. Ndinati anthu a ku Tete amaika zinthu zodabwitsa m'makina.

Palibe anaseka. Masiku ano eyakoni ikuziziritsa bwino kwambiri. Ndimamva kulira kwake ndili panja, pansi pa mtengo wa nimu.