Mawu a m'nyimbo yachinayi

Bambo amene ndinakhala nawo pabenchi pa msonkhano wa makwaya sindinkawadziwa, koma ndinawakodola ndi chigongono. "Tcherani khutu," ndinatero. "Pakolasi pali mawu okwera amene ankaimba malemu akazi anga. Lero pamenepo pakhala zii."

Kolasi inafika, ndipo mawu aja anamveka. Omwewo ndithu, ndi kakunjenjemera kake ka kumapeto. Ankatuluka m'kamwa mwa mayi wina wamtali wa mzere wakumbuyo, munthu amene ndapatsana naye moni kwa zaka zambiri.

Bambo aja anandiyang'ana. "Pepani achikulire, mwati anamwalira? Nanga akuimbawo ndi ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga ngati ndazigula tsiku lomwelo.

Akazi anga anali m'kwaya ya amayi ya kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Msakambewa. Chaka china amayiwo anakwera lole kupita ku Lilongwe kukajambula nyimbo ku situdiyo. Akazi angawo anabwerako atatopa, osanena zambiri, ndipo ine sindinafunse. Ndinali ndi buku m'manja. Ineyo sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga kunandilowa ngati matekenya. Ngakhale nyuzi yokulungira usipa ndimayamba ndaiwerenga usipawo usanafike pamoto.

Akazi anga atamwalira, mwana wathu wamkazi anandiikira nyimbozo m'memori khadi asanabwerere kutauni. Ndinkaziika m'kawailesi kanga, n'kukapachika pamsomali m'chigafa ndikamasankha fodya. Tsiku lina, pa nyimbo yachinayi, ndinamva mawu okwera aja, mtima n'kundiuza kuti ndi iwowo. Kuyambira pamenepo ndinali ndi poyankhulira. Ndinkawauza za mvula, za mbuzi imene yaswa, za bondo langa. Alendo akabwera ndinkawakhazika pansi n'kubwereza malo amenewo kawiri kapena katatu. Onse ankagwedeza mutu.

Kutchalitchi ndinayamba kufika mochedwa dala, kwaya itaimba kale. Sindinkafuna kuona malo awo pamzere. Ndinkadziuza kuti nyimbo zojambula ndizo zabwino: palibe wotsokomola, palibe wolowa mochedwa, lero ndi mawa n'chimodzimodzi. Munthu wokhala yekha amakonda chinthu chosasintha.

Ndiye kunabwera msonkhano wa makwaya uja, masana a Loweruka lina m'nyengo yozizira. Mayi woyandikana nane nyumba, amene ankaimba limodzi ndi malemu ndipo amanditcha alamu, anandikakamiza. Anati ndikapitiriza kukhala m'chigafa ndiyamba kununkha ngati belo la fodya.

Zinachitikira panja, pabwalo la sukulu, chifukwa anthu anachuluka. Mphepo yochokera kumapiri a Ntchisi inkaulutsa mipango ndi mawu omwe. Nyimbo zimene ndinkazidziwa ngati njira ya kudimba zinali zachilendo. Ankaimba pang'onopang'ono kusiyana ndi m'wailesi. Mwana ankalira kumsana kwa woimba wina, mayi akeyo n'kumamugwedeza osaphonya ndime. Ndiye inafika nyimbo yachinayi, ine n'kudzichititsa manyazi monga ndafotokozera.

Chapakati pa nyimboyo jenereta inathima, kiyibodi n'kukhala chete. Amayiwo sanaleke. Anapitiriza ndi mawu okhaokha, mapazi akugunda pafumbi, ndipo anthu anaimirira n'kuyamba kuvomera. Kolasi anaibwereza kanayi. Kunena zoona kunali kokoma kuposa chilichonse chimene kawailesi kanga kanatulutsapo. Koma ine ndinali pansi, ndikuwerenga zaka ziwiri zimene ndinakhala ndikuuza mkazi wa mwini za bondo langa. Ndinaseka ndekha, kenako kuseka kunatha. Ngati mawu aja si awo, ndiye kuti ndinalibe paliponse pamene ndikanawamvanso.

Ndinabwerera ndekha anthu asanabalalike. Kunyumba kawailesi ndinakasiya pamsomali osakayatsa. Ndinatsegula buku, koma tsamba limodzi ndinaliyamba katatu.

M'mawa mwake aneba aja anandipeza pakhonde ndikutongola chimanga cha nkhuku. Nkhani inali itawafika kale, poti bambo a pabenchi aja anali msuweni wawo.

"Alamu, akuti dzulo mwaukitsa akufa?"

"Musandiseke. Inu munkadziwa?"

"Kwaya yonse inkadziwa. Ngakhale mwini mawuyo ankadziwa. Anati musiyeni, sindikutaya kanthu."

"Nanga mawu a malemu ali pati m'nyimbomo? Ndiuzeni ndimvetsere bwino."

Anakhala pansi, natenga chitsononkho n'kumachitembenuza m'manja.

"Mawu awo mulibe, alamu. Ku situdiyo amaimbitsa anthu awiriawiri, atakuvekani zinthu m'makutu. Anzanga aja anazolowera kuimba akuponda pansi, ndiye mkulu wa makina anati phazi likumveka. Ataima nji, mawu osatuluka. Anayesa katatu, kenako anati basi, inu muziomba m'manja. Anatipempha kuti tisakuuzeni, ankati mudzawaseka. Ndiye mukayatse kawailesi kanuko, mumvetsere m'manja. Pali wina amafulumira pang'ono kuposa anzake. Ameneyo ndi wanu."