Lichero la azakhali pa kaseti

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa ofesi ya mpingo wina ku Nairobi, tikukhala ku Donholm. Ndinkafika kunyumba nditatheratu ndi maminibasi a mu Outer Ring Road, aja kumeneko amati matatu, n'kungodziponya pampando. Pa TV nthawi zina ankaonetsa mafilimu akalekale a ku America, zithunzi zonjenjemera za tinthu tozungulira tikuyandama m'mwamba, ati mbale zouluka zochokera ku nyenyezi. Ine ndinkangoti azungu nawo ali ndi ufiti wawo, kungoti iwo amaujambula.

Mkazi wanga anali atangopita padera kachiwiri. Kumudzi ku Ntcheu nkhawa inali itakula, ndiye ndinabwereka kamera ya vidiyo kwa mnzanga wakuntchito kuti tiwatumizire kaseti, aone okha kuti tili moyo. Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, ndinamujambula atakhala pakhonde akuyesetsa kumwetulira. Kenaka ndinaona kanthu kotuwa, kozungulira, kakuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa madenga. Ndinakalozetsa kamera. Kaya linali jumbo louluzika ndi mphepo, kaya chiyani, mpaka lero sindidziwa. Koma pakamwa pangapa sipamva, panayamba kale kundipalamulitsa. Ndinati, "Onani, azakhali abwera pa lichero kudzationa!"

Azakhali angawo, alongo awo a bambo, ankagulitsa malichero pamsika, ndipo ine ndi iwo tinkasereulana chiyambire ubwana wanga. Mkazi wanga anaseka koyamba patapita milungu yambiri, ndiye sindinafufute.

Chimene sindinaganize n'choti kwathu kunalibe TV. Kaseti ija anakaionera m'kanyumba koonetsera mafilimu pamsika, mudzi wonse uli momwemo. Anaona mkazi wowonda amene mimba zikungomuchokera. Anaona chinthu chikuuluka pamwamba pa nyumba yake. Anamva mwini nyumba, munthu wophunzira, wantchito ya mpingo, akutchula yekha mwini lichero. Akuti ankaibweza n'kuibwezanso.

Kalata ya mchemwali wanga inandipeza patatha mwezi. Anthu anali atasiya kugula kwa azakhali, ana ankawathawa panjira, ndipo pamaliro palibe ankafuna kudya chimene iwo agwira. Ndinalemba makalata mpaka dzanja kuwawa. Ndinafotokoza kuti zinali nthabwala, kuti bwalo la ndege lili pafupi ndi kumene tinkakhala, kuti ngakhale azungu zimawasokoneza zinthu zoterezi. Yankho linali limodzi lokha: ukubisa chifukwa cha mantha, ife taona ndi maso. Ndinatopa, ndinene zoona, ndipo ndinasiya kulemba. Zimenezo ndiye zimandichititsa manyazi kuposa nthabwala ija.

Panapita zaka ziwiri ndisanapite kwathu. Azakhali ndinawapeza kumudzi wina, kwa mwana wawo wamkazi, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Anali atachepa thupi. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinayambanso za jumbo ndi mphepo. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Mwana wa alongo anga," anatero, "ine ngakhale ku Lilongwe sindinapondeko."

Ndinati ndikudziwa, azakhali.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, kuti mwana wawo asamve: "Nanga apongozi angawo anachira? Ndimaopa kufunsa anthu, angati ndikufufuza."