Matenti a Mayi Daudi Chaka Chimene Chilwa Inaphwa

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikugulitsa zitumbuwa pamalo oimikira maminibasi ku Kachulu. Mayeso a Fomu 4 anali atandikana, mwana ali kumbuyo. Mayi wina wovala mpango wobiriwira anagula zitumbuwa, koma m'malo mochoka anaima nkumandiyang'ana ndikutola ndi foloko, kukulunga m'pepala, nkuvindikiranso beseni ndi nsalu yoyera.

"Ukhondo umenewu anakuphunzitsani ndani?" anandifunsa.

Ndinati amayi anga.

"Mawa mubwere ku matenti. Mukafunse Mayi Daudi, ndine ndemwe."

Mayi Daudi anali ndi kakampani koumitsa nsomba ndi kuzilongedza m'mapaketi, zokagulitsa m'masitolo a ku Zomba ndi ku Blantyre. Matentiwo ndi nyumba za mitengo zokutidwa ndi pulasitiki yoonekera mkati: dzuwa limalowa, koma ntchentche ndi fumbi zimatsala kunja. Asodzi akakocheza m'mawa tinkagula matemba, kuwatsuka ndi madzi a pamjigo, osati a m'nyanja, kuwakhetsa m'madengu, kenako kuwayala pa mathandala a ukonde. Kuyala kwake si kokhuthula. Akasanjikizana amafewa nkununkha. Masana mkati mwa tenti mumatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, koma umalowabe, magulovesi m'manja, kukawatembenuza. Ouma bwino amathyoka ukawapinda. Akangopindika, ndiye kuti sanathe. Akauma tinkapima pa sikelo ndi kutseka mapaketi ndi makina omatira.

Milamba inali ya Che Amini, bambo wachikulire amene anagwira ntchito ndi mayiwo kuyambira pachiyambi. Ankaitumbula, kuipinda, nkuiwamba mu uvuni wa mathireyi a waya. Ankadziwa ndi fungo lokha la utsi kuti moto wakula.

Ochita malonda a nsomba ambiri pagombepo ankasintha antchito ngati malaya. Kwa Mayi Daudi munthu akalowa sankafuna kutuluka. Malipiro sanali apamwamba kuposa kwina, koma ankabwera pa tsiku lake. Ukalakwitsa ankakuitanira kuseri kwa tenti, anzako osamva. Asilamu ankapuma Lachisanu ife nkugwira, ife Akhristu tinkapuma Lamulungu iwo nkugwira, ndipo panalibe wodandaula. Mayi Daudi ataona kuti mwana wanga akulira ndi kutentha kumbuyo, anauza Che Amini amange kachisakasa pafupi ndi mjigo, poti ana azikhalapo. Ndiponso aliyense ankaphunzitsidwa ntchito zonse. Ine wotsuka matemba anandiimika pa uvuni, Che Amini akuseka ndikutsokomola ndi utsi.

Kenako mvula inavuta, nyanja ya Chilwa inayamba kuthawa. Poyamba asodzi ankakankha mabwato m'matope kuti akafike pamadzi. Patapita miyezi mabwato anangokhala pansi, dothi litang'aluka mpaka kumene maso amalekeza. Asodzi anasamukira ku nyanja zina. Ochita malonda anatseka mashedi awo, antchito nkuuzidwa kuti adzaitanidwa. Ife tinkabwerabe m'mawa uliwonse, kusesa, kusoka maukonde a mathandala, koma aliyense ankadziwa kuti zimenezi sizikhalitsa. Msuweni wanga anandipezera malo mu sitolo ina ku Zomba, nati ndifulumire asanapatse wina.

Tsiku limene ndinapita kukatsanzika ndi lomwe kunabwera Bambo Yusufu, mchimwene wa Mayi Daudi, amene anaikako ndalama zake poyambitsa kampaniyo. Anatsika pa njinga yamoto atanyamula maloko atsopano m'jumbo. Sanadikire kuti alowe mu ofesi. Anayankhula pabwalo, tonse tikumva.

"Achemwali, nsomba kulibe. Anthuwa mukuwalipira chiyani? Titseke, madzi akadzabwera tidzalemba ena. Ofuna ntchito sasowa."

Ndinaona Che Amini akuvula chipewa nkuyang'ana pansi. Felesiya, mnzanga wa pa makina omatira amene ankalera ana a malemu mchemwali wake, anayamba kumasula epuloni.

"Achimwene," anatero Mayi Daudi, mawu ali pansi, "pulasitiki ikang'ambika ndikagula ina ku Limbe. Mundiuze sitolo imene ndikagule Che Amini."

"Ndiye mudya chifundo?"

"Si chifundo. Ena amene mukunenawo adzaononga nsomba chaka chathunthu asanadziwe ntchito, makasitomala nkutithawa. Ngati mukuopa kuluza, galimoto ya kampani ija ndigulitsa, gawo lanu ndikubwezerani."

Anakangana nthawi yaitali, mwina m'Chiyao, mwina m'Chinyanja. Bambo Yusufu sanali munthu woipa, anali ndi banja lake loti aliganizire. Pamapeto pake anavomera za galimotoyo, nabweza maloko m'jumbo, nkumapita osatsanzika.

Mayi Daudi anatikhazika pansi m'kachisakasa ka ana kaja. Maso awo anali ofiira.

"Sindikunamizani," anatero. "Malipiro athunthu sindikwanitsa mpaka madzi abwerere. Theka ndikwanitsa, ndi chakudya chamasana. Amene wapeza kwina apite, sindimusungira chakukhosi, ndipo malo ake adzawapeza. Koma otsala mundithandize nzeru. Matentiwa angaumitsenso chiyani?"

Bwana sanayambe watifunsapo funso lotere, ndipo sindinamvepo kuti kwina kulikonse amafunsa. Felesiya ndi amene anayamba, mwamanyazi, kuti masamba a nyemba ndi nkhwani akhoza kuuma bwino m'menemo, mfutso wopanda mchenga. Ine ndinakumbukira tomato amene ndinkamuona akuolera pamsika wa Songani nthawi yochuluka, ndi mango ongogwa m'midzi ya kwa Mwambo. Ndinanena. Mayi Daudi anandiyang'ana nati, "Esinati, za tomatozo mukhale patsogolo ndinu."

Mawu otsanzika amene ndinawakonza njira yonse ndinangowasiya. Ine amene sukulu inandikana, munthu akundipatsa gawo la kampani yake kuti ndiliyendetse! Ndinapita kunyumba osanena kanthu za ku Zomba. Amayi anandikalipira kuti ndikusiya malipiro athunthu chifukwa cha theka, ndipo nanenso ndinali ndi mantha.

Felesiya theka silikanamukwanira ndi ana aja. Ndinamulumikiza ndi msuweni wanga, malo a mu sitolo aja anatenga iyeyo. Mayi Daudi anamunyamulira chikwama mpaka pa minibasi.

Sizinayende mosalala. Galimoto itapita, Che Amini, katswiri wa uvuni, anasanduka wopalasa njinga, kukatenga madengu a tomato. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, kupatula za mawondo. Tomato woyamba ndinamudula mokhuthala, yense anachita nkhungu, tinakataya kudzala. Ndinkayembekezera kuitanidwa kuseri kwa tenti. Koma Mayi Daudi anangotola kachidutswa kamodzi, kukayang'ana, nkundifunsa kuti ulendo wina tichepetse bwanji. Tinayamba kudula mopyapyala, kuchotsa njere, kuwaza kamchere. Mfutso ndi umene unatinyamula kwenikweni, masitolo aja anaulandira msanga kuposa tomato. Panali miyezi ina yowawa, yoti sopo ndinkachita kudula pakati. Koma theka lija silinaphonyepo.

Mvula itabwerera, madzi anadzaza pang'onopang'ono, ndipo matemba atayamba kuoneka ife tinali okonzeka. Mathandala osokedwa, uvuni wokonzedwa, manja omwe aja. Anzathu a mashedi ena anali akufunafuna anthu awo, ambiri atakhazikika kale ku Mangochi ndi kwina. Olembedwa atsopano ankapsereza milamba. Makasitomala amene ankagula kwa iwo anayamba kugogoda kwa ife. Bambo Yusufu anabwera tsiku lina, nayendera matenti onse manja ali kumbuyo, nkugwira Che Amini chanza nthawi yaitali. Felesiya sanabwerere, anakwatiwa ku Zomba komweko, koma sitolo imene ankagwiramo ntchitoyo inayamba kuitanitsa mapaketi athu chifukwa cha iyeyo.

Lero ndine woyang'anira pa chigayo cha mpunga kufupi ndi Songani, ndili ndi anthu anga ondiyang'ana kumaso zinthu zikavuta. Eni makampani ena amandifunsa chifukwa chake anthu anga sachoka, poganiza kuti ndiwauza za ndalama. Ndalama ndi zofunika, wantchito sadya mawu okoma. Koma ndinaona ndi maso anga anthu akukana malipiro athunthu nkutsalira theka, chifukwa bwana anawauza zoona, anawaimira pamaso pa m'bale wake, nawafunsa maganizo. Ndiye mpunga ukachepa, makina akaima, sindidzitsekera mu ofesi. Ndimaitana onse, kuyambira woyendetsa makina mpaka wosesa madeya, ndimawauza mmene zinthu zilili, kenako ndimatseka pakamwa panga kuti iwo ayankhule.