Matimati a pa Njanji ya ku Lipishte

Ku Lipishte kuno mukafunsa chifukwa chake sitima yatsopano siifika, akuuzani kuti ndi Stoil Vangelov. Akuti anagulidwa ndi mwini basi, ndiye amazula zikhomo za oyeza njanji kuti basi isasowe okwera. Bodza lamkunkhuniza! Mwini basi uja chibadwire sanagulirepo munthu ngakhale khofi.

Stoil ndamudziwa ndikadali ndi tsitsi. Zaka makumi atatu ankatseka ndi kutsegula chipata cha njanji, chipewa cha ntchito chili neng'a pamutu, kudzimva ngati sitimayo ndi ya bambo ake. Sitima italeka kubwera, akuba n'kutha zitsulo, iye anangolima pomwe panadutsa njanjipo. Matimati ndi tsabola, mzere umodzi wautali. Iye ndi mkazi wake Nedyalka amadya za m'dimbamo.

Tsono chisankho chikayandikira kumabwera mabwana a zisoti zoyera, nsapato zosadziwa matope. Amakhoma zikhomo za tinsalu tofiira, kujambulitsa, kudya nyama yootcha kwa meya, ulendo. Stoil sakhudza kanthu. Amadikira mavoti awerengedwe, awonjezepo miyezi itatu yaulemu, kenako amazula n'kumangirirapo matimati. Mitengo yake ndi youma bwino, yosongola kale.

Chaka chino meya wathu, mayi Ginka, analonjeza pawailesi kuti njanji itilumikiza ndi mizinda itatu. Alendo a ku likulu atabwera kudzaona pomwe ntchito yafika, anapeza tchire lokhalokha. Manyazi a meyawo anagwera Stoil. Mayi Ginka anamulondola kudimba, kalata ili m'manja, ife a pabala tili pambuyo ngati agalu a mlenje.

"Madala, malo ano ndi a boma. Pofika Lachisanu muchoke, mwaononga chitukuko!"

"Chitukuko chake chiti, mwanawe? Taima."

Anazula chikhomo chimodzi chakuda, n'kupukuta dothi. Chaka chimene oyeza njanji analembapo chinali chikuonekabe.

"Ichi anakhoma uli kusukulu. Icho uko ndi cha meya wa ndevu uja. Zako ndi izi za tsabola, n'zoonda, wayamba kuumira. Ndizitengere zonse kwa alendo akowo, tiwerengere limodzi?"

Mayi Ginka anayang'ana mzere uja mpaka kumapeto. Zisankho zinayi zili chilili, zabereka psuu. Kalata inabwerera m'chikwama mwakachetechete, ndipo Nedyalka anaikapo matimati asanu pamwamba kuti isauluke. Lachisanu lija mpaka lero silinafike.

Mphekesera yokha ndiyo yakana kufa. Dzulo ndinamuputa dala Stoil tikumwa rakiya, kachasu wathu wa zipatso za mapulamu.

"Achimwene, paja akuti mumadya za mwini basi kuti sitima isabwere?"

Anandiyang'ana ngati ndaponda mbande zake.

"Iwe kusukulu unathawadi. Munthu angandilipire kuti ndiletse chinthu choti kulibe? Sitimayo ikadzalira kuseri kwa phiri, matimatiwo ndidzazula ndekha, ndivale chipewa changa. Pakali pano njanji yawoyo katundu amene yabweretsa ndi zikhomo, ndipo ndalandira."