Amayi a mphakati aonera roko ku Nsaru

Lachiwiri lapitali foni yanga inalira ndili pampando wometera. Anali mlongo wanga, make Tadala, kuchokera kumudzi ku Nsaru. Moni sanapereke.

"Achimwene, bwerani. Mwana wanu uja walowa zasataniki."

Mukudziwa inu mmene zimakhalira kwathu kuno. Mwana akakhoza mayeso ndi wa bambo ake. Akalakwa ndi wa atsibweni ake. Ndiye nditangomva kuti "mwana wanu", ndinadziwiratu kuti madzi afika m'khosi.

Tadala ndiye woyamba m'banja mwathu kuponda ku koleji. Akuphunzira zojambula mafilimu ndi zoulutsa mawu mumzinda, ndipo amene amamuphunzitsa ndi fodya wa bambo ake, a Mbewe, alamu anga. Panopa ali patchuthi kumudzi, ndi laputopu yake.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Nsaru, kenako kabaza. Nditangotchula kumene ndikupita, wakabaza anacheuka njinga ili pa liwiro.

"Kwa a Mbewe? Kumene kuli mtsikana woonera ziwanda kuja? Akuti kompyuta yakeyo siifuna magetsi, imayendera magazi."

Ndinangoti yang'anani kutsogolo achimwene, mungatigwetse. Kompyuta yoyendera magaziyo ndimaidziwa bwino. Imatchajidwa ndi sola yomwe ndinakhoma ndekha padenga la alamu anga chaka chatha.

Ndinapeza alamu ali m'chigafa, akusankha fodya nkhope ili gwa. Mlongo wanga ndiye anafotokoza. Akuti analowa kuchipinda kukaitana mwana kuti adzathandize kuswa mtedza. Anamupeza watseka chitseko, timawaya tili m'makutu, mutu ukugwedera. Pakompyuta panali mzungu wa tsitsi lofika m'chiuno, m'maso mopaka zakuda, kukamwa yasa, kumbuyo kwake moto lawilawi.

"Ndiye akafika pamene akukuwapo, mwanayu amabwezera. N'kubwezeranso. Kubwereza, achimwene, ngati korona!"

Alamu sanatukule mutu. "Alamu, ine fodyayu ndimalimira sukulu. Ngati sukulu yake ndi imeneyi, kukoleji sabwererako. Akhale pompano tizisankha limodzi."

Laputopu anali ataitsekera m'sutikesi, pamwamba n'kuikapo korona. Masana ake kunkabwera amayi a mphakati, aja amasonkhana kupemphera m'makomo pakati pa sabata, kudzaipempherera.

Tadala ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu.

"Atsibweni, ndi ntchito ya kusukulu."

Anati aphunzitsi awauza kuti teremu ikubwerayi ajambule vidiyo ya nyimbo. Koma asanagwire kamera, aliyense ayambe waonera mavidiyo a mtundu umodzi wa nyimbo, aone mmene anzawo amachitira. Anachita maere. Anzake zinawagwera nyimbo zauzimu, ena zachikondi. Iye zinamugwera za roko, nyimbo zija za magitala olira ngati chigayo chadizilo. Ntchito yake ndi kuona kumene kamera yaima, kumene kuwala kukuchokera, ndiponso chifukwa chake chithunzi chimasintha ng'oma ikagunda. Kubwezera kuja n'kumeneko.

"Nanga unawafotokozera amako?"

"Ndinayesa. Nditangoti kafukufuku, amayi anayamba kulira."

Anawonjezera kuti mbali ina ya ntchitoyo ndi kuonetsa mavidiyowo kwa anthu amene sanawaonepo, n'kumva zimene akuona. Mbali imeneyo anali atataya nayo mtima. Angaonetse ndani kumudzi kuno?

Apa m'pamene kamzimu kanga ka chipongwe kanadzuka. Anthu oti sanaonepo roko? Si awa akubwera okha masana ano, osawatumira ndi uthenga womwe?

Amayi aja atafika, ndinawalonjera mwaulemu wonse, kenako ndinatembenukira kwa wapampando wawo, mayi Nangozo, amene anali atafumbata botolo la madzi odalitsa.

"Amayi, ine ndine mbuli pa zamapemphero, mundikhululukire. Koma kuchipatala dokotala amabaya jakisoni asanaone wodwala? Bwanji tichione kaye chiwandachi, kuti pempherolo lilunjike bwino?"

Mayi Nangozo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Sanapusitsike, ndikhulupirireni. Koma chidwi ndi chidwi. "Bweretsani," anatero.

Tinayala mikeka pakhonde, laputopu tinaikhazika pampando. Tadala anadina.

Gitala itangoti khwaaa, mayi wina anadzifunditsa chitenje kumutu. Nkhuku zomwe zinkatola misere pabwalo zinabalalika. Mlongo wanga anachita chizindikiro cha mtanda. Kenako maso onse analunjika pakompyuta.

Woyamba kuyankhula anali mayi wa chitenje uja, akusuzumira ndi diso limodzi.

"Kodi ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna," anatero Tadala.

"Tsitsi lonseli? Amadzola chiyani, eti? Langali ndayesa zonse, likungothothoka."

"Taonani buluku kung'ambika m'maondo. Alibe mkazi womusokera?"

"Kuwonda kumeneku, amadya koma?"

"Iyayi, koma wang'omayo ndi katswiri. Manja ngati anayi! Kwaya yathu itamupeza ameneyu, Misa yoyamba ingamadzaze."

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Anyamata aja, ndi tsitsi lawo losapesa, anali atayamba kale kudziombola.

Koma tchimo lenileni linali kutsogolo. Chakumapeto kwa nyimbo, mnyamata wina anagwira gitala yake kukhosi, n'kuimenyetsa pansi. Phwa! Khonde lonse linakuwa pamodzi.

"Mayo ine! Gitala yabwinobwino!"

"Ya kutchalitchi kwathu chingwe chinaduka pa Pasaka, mpaka lero tikuimba ndi zotsalazo. Awa akuphwanya dala?"

Moto sunawakhumudwitse. Zakuda za m'maso anazipirira. Koma kuwononga katundu, apo ndiye anagwirizana onse kuti mwanayo analeredwa moipa.

Pa vidiyo yachiwiri mayi Nangozo anatukula dzanja. "Imitsa pamenepo, mwanawe. Tabwezera pang'ono."

Ndinayang'ana mlongo wanga. Kubwezera kuja, mlandu womwe unatsekeretsa laputopu m'sutikesi, tsopano akulamula ndi wapampando. Mlongo wanga anayang'ana kumbali.

"Mnyamatayu sakuimba, akulira," anatero mayi Nangozo. "Munthu sakuwa chonchi popanda chomupweteka. Akuti chiyani?"

Tadala anamasulira pang'onopang'ono. Akuti bambo ake anachoka pakhomo iye ali wamng'ono. Akuti ankakhala pawindo kudikira. Akufunsa kuti analakwa chiyani.

Pamkeka paja panali amayi angapo amene akulera okha ana, amuna anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera.

"Ndiye azungu nawonso amathawidwa?" anafunsa wina motsitsa mawu.

Mayi Nangozo anapukusa mutu. "Akanabwera kuno tikanamupempherera. Koma ayambe wameta."

Nthawi yonseyi alamu anga anali ataima pakona ya nyumba, akuti akufuna chingwe chomangira fodya. Chingwecho chinasowa nyimbo ziwiri zathunthu. Ndipo phazi lawo lakumanja, ndinaliona ndi maso angawa, linkagunda pansi motsatira ng'oma.

Vidiyo yachitatu oimba anavala zigoba kumaso. Apa alamu anapeza pogwira.

"Eya! Nanga izi? Munthu wabwino amabisa nkhope?"

Ndinati alamu, tisaiwale kuti tili ku Nsaru. Kuno gule akatuluka, fumbi limafika kumwamba, ng'oma zimamveka midzi itatu, ana amathawira m'nyumba. Mlendo woyamba kuona zimenezo anati chiyani? Si mawu omwewa amene mukunenera azungu a m'kompyutawa?

"Zimenezo ndi zina," anatero.

Inde ndi zina. Kusiyana kwake n'kwakuti izo tinazizolowera.

Abale anga, mawu akuti sataniki tawasandutsa chikwanje chodulira chilichonse chimene sitikuchimvetsa. Mnyamata wagulitsa soya bwino n'kukhoma malata, ndi sataniki. Mayi golosale yake ikuyenda pamene ya mnzake yagwa, ndi sataniki. Mwana wakhoza kwambiri m'kalasi, ayenera kuti ali ndi kena kake. Kufunsa kumatopetsa, kuloza chala n'kwaulere.

Timaseka, koma mawu amenewa ali ndi mano. Ena anawagenda nawo. Ena anasamuka m'midzi yomwe anabadwiramo. Mwana wa mlongo wanga akanasiya nawo sukulu, chifukwa cha mzungu wolirira bambo ake.

Ndipo taganizani kudabwitsa kwake. Timadzuka m'bandakucha kukathirira nazale, msana kuthyoka, kuti mwana akaphunzire zimene ife sitidziwa. Akabwera nazo zimene sitidziwazo, timathamangira madzi odalitsa. Tinkafuna akabwere ndi chiyani? Ndi khasu lomweli, koma lolankhula Chingerezi?

Sindikuti zonse za m'mavidiyomo ndi zoyera ayi. Tadala mwiniwake pali ena anawalumpha mwachangu, n'kunena kuti awa si oonera ndi akuluakulu. Kholo lili ndi ufulu wofunsa, ngakhale wokaniza. Koma woyamba kufunsidwa akhale mwanayo, nkhani isanafike pamjigo.

Nanunso ana asukulu, tamverani atsibweni anu. Ukalowa m'nyumba ya amako, n'kutseka chitseko, n'kutseka makutu, mutu uli gwedegwede, ukufuna aganize kuti ukuwerenga Masalimo? Mumatha kufotokozera aphunzitsi masamba ambirimbiri m'Chingerezi, koma amene akugulirani kompyutayo mumangowaponyera liwu limodzi, kafukufuku, basi mwatha. Zimenezo ndinamuuza Tadala pamaso pa onse, ndipo anapepesa atagwada.

Kenako, adakali chigwadire, anapempha amayi aja ngati angalole kuti awajambule akunena zimene aona. Ndinkayesa akana. Kukana kuti? Maduku anamangidwanso, zitenje zinakonzedwa, wina anatuma kunyumba kuti akamutengere magalasi. Mayi wa tsitsi lothothoka uja anapempha kuti ayambirenso chifukwa poyamba sanamwetulire. Dzuwa limapendeka Tadala ali ndi mayankho oti anzake a mumzinda sangawapeze ngakhale atayenda ndi nyali.

Madzi odalitsa sanabwerere. Mayi Nangozo anati sanganyamule botolo kuchokera kwawo n'kubwerera nalo lodzaza. Anawaza pakhonde, anawaza Tadala, anawazanso ine mowirikiza, akuti ndine amene ndikufunika kwambiri. Atalunjika pa laputopu, Tadala anaifungatira ngati khanda.

"Amayi, imeneyi madzi ayi!"

"Ona, chikuopa," anatero mlongo wanga. Koma ankaseka.

Alamu anga anagamula madzulo, tikumwa thobwa. Mwana abwerera kukoleji. Koma akadziwa bwino kamerayo, vidiyo yoyamba ya kunja kwa sukulu ikhale ya kwaya ya kwawo. Moto ayi, zigoba ayi, ndipo aliyense apese.

"Nanga ng'oma ija, alamu?" ndinafunsa. "Ndinaona phazi."

"Linali dzanzi," anatero.

Pobwerera m'minibasi ndinkaganiza za makolo ena amene ana awo ali patchuthi sabata ino, wina ndi mafupa apulasitiki a kusukulu ya unamwino, wina ndi timabotolo ta dothi la m'munda, wina ndi mabuku a zithunzi zoopsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Ife tinadekha masana amodzi okha, ndipo mwana sanataye sukulu.

Nanga inu, mwana wanu amene mukumulimira fodyayo akuphunzira chiyani kwenikweni? Munayamba mwamuyalira mkeka kuti akuonetseni, kapena mukudikira kuti aneba adzakuuzeni?