Peni Yomwe Ndinagula ku Songani

Inali yakuda bii, yonenepa ngati chala chachikulu cha msodzi, ndipo ukaitikita pa kabudula inkanunkha tayala lopsa. Pachivundikiro pake panali tizilembo tonena kuti inapangidwa ku India. Peni ya inki imeneyo ndicho chinthu choyamba chimene ndinagula ndekha, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaitchula pofuna kudzitama kuti kunenerera ndinabadwa nako. Lero ndakalambira m'misika, ogulitsa akangondiona amakweza mtengo ndisanatsegule pakamwa. Koma nkhani ya peniyi ndakhala ndikuifotokoza theka lokha, theka londikomera.

Chaka chimenecho ndinkalowa Sitandade 8. Aphunzitsi anatiuza tsiku loyamba lomwe: "Mapensulo asiyireni ang'ono anu. Mayeso a boma amafuna inki." Kwathu kwa Mwambo inali nyengo ija nyanja ya Chilwa imabwerera m'mbuyo n'kusiya matope ong'aluka, mphepo yotentha ikubwera ndi fungo la matemba oyanika. Abambo anali atamwalira kale. Amayi anagulitsa mpunga umene unatsala, n'kusunga dengu limodzi la mbewu lomwe ankalipachika kudenga kuopa makoswe.

Ndalamazo anazimanga pa kansalu, mfundo ziwiri. "Iyi ya peni. Iyi ya khadi yanga ya chipani. Ukagule pachipata cha msika, ndipo uonetsetse kuti alembapo dzina langa." Masiku amenewo khadi inkagulidwa chaka ndi chaka, ndipo wopanda khadi mumsika sankalowamo. Kansaluko anapatsa ine, osati amalume amene ndinkapita nawo, chifukwa ndalama ikalowa m'thumba la amalume inkatulukamo ili kachasu. Anakhulupirira mwana wasukulu. Apa pokha ndimasiya kuseka.

Amalume ankapalasa njinga kukagulitsa matemba ku Songani, dengu kumbuyo, ine pa fulemu. Ulendo wake wautali, matako anachita dzanzi tisanafike n'komwe pamsewu wa tala. Njira yonse ankandiphunzitsa za malonda. "Chinthu ukachifuna, usachiyang'anitsitse, mphwanga. Chinyoze. Ukatero uzipita, koma pang'onopang'ono, kuti akuitane."

Titafika, iwo anaonetsa khadi yawo n'kulowa mumsika. Ine ndinawaona anyamata ogulitsa makhadi ataima pachipata, ndinati ndiyambe kaye ndi peni.

Sitolo inkanunkha palafini, sopo ndi nsalu zatsopano. Mwini wake, bambo wachimwenye wa imvi, ankalankhula Chinyanja kuposa ine. M'kabokosi kagalasi munali mapeni amitundu itatu. Ena anali opyapyala, apulasitiki, a kamphira mkati, ogwirizana ndendende ndi mfundo yoyamba. Ina inali ya ku Mangalande, yonyezimira, imeneyo sindinafunse n'komwe. Pakati panali yakuda ija. Bamboyo anaipotokola n'kundionetsa kuti ilibe kamphira koti n'kuwola, umangodontheza inki m'mimba mwake mpaka kudzaza. Kenako anaigwetsa dala pansi pa simenti. Inangoti gogodo, n'kugubuduka, osang'aluka. Mtima wanga unagubuduka nayo.

Ndinayamba kuinyoza monga anandiuzira amalume. Ndinati ndi yolemera ngati mpini wa khasu, ikununkha, nibu yake ikukanda pepala. Bamboyo ankangogwedeza mutu ngati akumva za maliro. Ndinatembenuka kuti ndizipita, pang'onopang'ono moti nanzikambe akanandipitirira. Ndili pakhomo anandiitana. Anatsitsa kamodzi, anatsitsanso, n'kuikapo kabotolo ka inki ka basela. Panopa ndikudziwa kuti mtengo umene anaimapo ndi umene anali nawo m'mutu ndisanalowe. Koma tsiku limenelo ndinkaona ngati ndagwetsa njovu ndi legeni.

Mfundo yoyamba sinakwanebe. Yachiwiri amayi anaimanga zolimba, ndinachita kumasula ndi mano. Totsala ndinagulira zitumbuwa, ndinadyera kuseri kwa sitolo.

Kunyumba ndinati makhadi anatha. Amayi anaitenga peniyo, anaitembenuza m'manja mwawo mokhakhala ndi khasu, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Yalemera," anatero.

Tinene zoona, peniyo inali yabwino. Inkayenda pakope ngati bwato pamadzi odekha. Inki ikachepa dzuwa n'kutentha, inkabzikula kadontho pakati pa chiganizo, ndiye ndinaphunzira kuidzaza m'mawa uliwonse, zala zili buluu mpaka Lamlungu kutchalitchi. Anzanga a mapeni opyapyala aja mwezi usanathe anali akumanga zivundikiro ndi ulusi. Aphunzitsi ananyamula kope langa m'mwamba: "Onani kalembedwe ka munthu wofuna kupita ku sekondale." Za khadi ndinaziiwala dala. Sindinafunse chifukwa chake amayi anasiya kupita kumsika, n'kumatuma anzawo kukawagulira mchere.

Anabwera Loweruka lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana chakuphiri. Amayi anali atatsitsa dengu la mbewu, akupeta pabwalo kukonzekera nazale. Obwerawo anali anyamata anayi a chipani pamodzi ndi tcheyamani wa m'mudzi mwathu, munthu amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Ankalowa khomo ndi khomo.

"Khadi, mayi."

Ine ndinali pakhonde, peni ndaikoleka pathumba la malaya kuti aliyense wodutsa aione. Mmodzi wa anyamatawo anaiona. "Taonani, peni ya bwana ali nayo, koma khadi alibe."

Amayi anaimirira msanga pakati pa iye ndi ine. "Ndalama ndinadya ndine, bambo. Ndalakwa ine."

Ine, amene ndinatsitsa mtengo kawiri ku Songani, ndinangophimba thumba ndi dzanja.

Anati poti ndalama palibe, atenga dengulo. Dengu limenelo likanagula makhadi a khomo lathu ndi makomo oyandikana nawo, n'kutsalabe. Ngakhale ine mwana ndinaona kuti malonda awa ngokhota. Ndinadikira kuti amayi ayambe, pakuti pa nkhani ya mtengo analibe mnzawo, ankatha kukangana pa kamulu ka mchere mpaka wogulitsa kutopa n'kuwawonjezera kuti azipita. M'malo mwake anagwada pafumbi, anaomba m'manja. "Zikomo, bambo." Tcheyamani analemba dzina lawo pa khadi osawayang'ana kumaso, anyamata ananyamula dengu.

Dzinja limenelo amayi anagwira ganyu m'minda ya anthu, malipiro ake mbande zotsala. Munda wathu unaokedwa mbali imodzi, kwinako kunamera udzu. Mu Febuluwale tinkadya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi ija, yowawa, yoti mlongo wanga wamng'ono ankalira akangoiona m'mbale. Mayeso ndinalembera peni yomweyo, ndinakhoza. Inandifikitsa ku sekondale osathyoka. Bambo wa sitolo uja sananame.

Zinanditengera zaka kuti ndidziwe zimene mkulu aliyense pabwalo paja ankadziwa: kuti pa khadi sankanenererapo, kuti wotsutsa ankatchedwa woukira, ndipo woukira ankatengedwa popanda wofunsa kumene wapita. Mwana wa woukira dzina lake silikanatuluka pa mndandanda wa opita ku sekondale, kaya alembe bwino chotani.

Koma tsiku lomwelo, anyamatawo atakhota pa mtengo wa mango, ine ndinatsika pakhonde. Amayi anali chigwadire, akutola timbewu togwera pansi kamodzikamodzi n'kumaika m'lichero.

"Mukanayamba ndi mbale ziwiri, amayi," ndinatero. "Akanavomera zitatu."

Sanadzuke. "Pita ukawerenge, mwana wanga."

Ndinapita, ndikuchita manyazi kuti amayi anga satha malonda.